Mafakitale, Malo ndi Voti: Kukula kwa Dziko la America Pakati pa 1790 ndi 1860

Chiyambi

Dziko la United States of America lidalengeza ufulu wake wodzilamulira pa 4 Julayi 1776, ndipo Britain idavomereza ufuluwo m'chaka cha 1783 itagonja pankhondo. Pa nthawiyo dzikoli lidali ndi zigawo 13 zokha zomwe zidandanda m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Kalembera wa m'chaka cha 1790 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo alimi. Pofika 1860 anthu adali atapitirira 31 miliyoni ndipo malire adali atafika kunyanja ya Pacific. Chimangirizo chino chikufotokoza zinthu zitatu zomwe zidasintha dzikoli: mafakitale, kufutukukira kumadzulo ndi kusintha kwa malamulo a chisankho. Zitatuzi zidali ngati mafuwa ochirikiza mphika umodzi. Tiwonanso kuti phindu lomwe ena adapeza lidalipiridwa ndi anthu omwe sadafunsidwe maganizo awo.

Kubwera kwa mafakitale

Poyamba, luso lopanga nsalu pamakina lidali ku Britain, ndipo boma lakumeneko lidaletsa kutulutsa makinawo kapena zojambula zake. Mnyamata wina, Samuel Slater, adangoloweza pamtima kapangidwe ka makinawo n'kukwera sitima yopita ku America m'chaka cha 1789. Chaka chotsatira adakhazikitsa makina opota ulusi oyendera mphamvu ya madzi ku Pawtucket, m'chigawo cha Rhode Island. Antchito ake oyamba adali ana aang'ono.

M'chaka cha 1814, Francis Cabot Lowell ndi anzake adatsegula fakitale ku Waltham, m'chigawo cha Massachusetts, momwe thonje linkalowa khomo lina n'kutuluka khomo lina lili nsalu. Iye atamwalira, anzake aja adamanga tawuni ya mafakitale m'mbali mwa mtsinje wa Merrimack n'kuitcha Lowell. Antchito ambiri kumeneko adali atsikana ochokera kumidzi. Iwo ankagwira ntchito maola 12 kapena kuposerapo pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Malipiro atadulidwa m'chaka cha 1834, atsikanawa adanyanyala ntchito, ndipo adateronso mu 1836.

Katundu wopangidwa amafuna njira yopitira kumsika. M'chaka cha 1807, Robert Fulton adayendetsa sitima yoyendera nthunzi pamtsinje wa Hudson. Mu 1825 idatsegulidwa ngalande ya Erie, yotalika makilomita oposa 580, yomwe idalumikiza mtsinje wa Hudson ndi nyanja ya Erie. Mtengo wonyamulira katundu udatsika kwambiri ndipo mzinda wa New York udakula chifukwa cha malonda. Pambuyo pake padabwera njanji, zomwe pofika 1860 zidali zitatalika makilomita pafupifupi 49,000.

Thonje ndi ukapolo

Mafakitale adali kumpoto kwa dzikolo, koma thonje linkalimidwa kummwera, ndipo olima ake adali akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo. Munthu mmodzi ankatha tsiku lonse akuchotsa njere m'thonje losakwana theka la kilogalamu. M'chaka cha 1793, Eli Whitney adapanga makina ochotsa njerezo, omwe ankayeretsa makilogalamu oposa 20 pa tsiku. Wina angaganize kuti makinawa adapeputsa ntchito ya akapolo, koma zidachitika ndi zosiyana. Thonje litayamba kupindulitsa, eni minda adafuna malo ambiri ndi akapolo ambiri.

Boma lidaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja m'chaka cha 1808, koma malonda a anthu adapitirira m'kati mwa dziko. Anthu ambirimbiri adagulitsidwa kuchokera ku Virginia ndi Maryland kupita kuminda yatsopano ku Alabama, Mississippi ndi Louisiana. Mabanja adapasuka, mayi kwina mwana kwina. Mu 1790 akapolo adalipo pafupifupi 700,000, koma pofika 1860 adali pafupifupi 4 miliyoni. Nsalu yopangidwa ndi thonje limeneli idafika kutali. Sitima zinkapita nayo ku Zanzibar, komwe Aswahili ankaitcha merikani, ndipo amalonda ankainyamula mpaka kumadera a nyanja ya Malawi kukasinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndi akapolo.

Kufutukukira kumadzulo

M'chaka cha 1803, Pulezidenti Thomas Jefferson adagula dera la Louisiana kwa Napoleon wa ku France pamtengo wa madola 15 miliyoni. Dzikoli lidakula pafupifupi kawiri tsiku limodzi. Jefferson adatuma Meriwether Lewis ndi William Clark kukazonda deralo, ndipo ulendo wawo wa 1804 mpaka 1806 udakafika kunyanja ya Pacific. Texas adalowa m'dzikoli mu 1845, Oregon mu 1846, ndipo nkhondo yolimbana ndi Mexico ya 1846 mpaka 1848 idabweretsa California ndi madera ena aakulu. Golide atapezeka ku California mu 1848, anthu adakhamukirako ngati nyerere pa shuga. Azungu ambiri ankakhulupirira kuti Mulungu adawapatsa dera lonselo.

Komatu malowa sadali opanda anthu. Mudali mitundu yambiri ya eni nthaka omwe adakhalamo zaka zikwizikwi azungu asadabwere. Nkhani ya mtundu wa Cherokee ikutiwonetsa bwino zomwe zidachitika. Anthuwa ankakhala ku Georgia ndi madera oyandikana nawo. M'chaka cha 1821, mmodzi wa iwo, Sequoyah, adamaliza kupeka zilembo za chiyankhulo chawo, ndipo m'zaka zochepa ambiri adadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1827 adalemba malamulo oyendetsera mtundu wawo, ndipo mu 1828 adayamba kusindikiza nyuzipepala ya Cherokee Phoenix m'chiyankhulo chawo ndi m'Chingerezi. Zonsezi sizidawapulumutse, chifukwa nthaka yawo idali yachonde ndipo mudapezekanso golide.

M'chaka cha 1830, Pulezidenti Andrew Jackson adasaina lamulo losamutsira eni nthaka kutsidya la mtsinje wa Mississippi. Mu 1832 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu pa malo a anthu a Cherokee, koma boma silidachitepo kanthu kuti chigamulocho chitsatidwe. Mu 1838 asilikali adawatulutsa m'nyumba zawo n'kuwayendetsa makilomita oposa 1,000 kupita kudera lomwe lero ndi Oklahoma. Mwa anthu pafupifupi 16,000, akuti 4,000 adafa ndi matenda, njala ndi chisanu. Ulendowu umakumbukiridwa ngati njira ya misozi. Malo ambiri omwe mitundu ya eni nthaka idasiya kummwera adasanduka minda ya thonje yolimidwa ndi akapolo.

Kusintha kwa malamulo a chisankho

Dziko litangolandira ufulu, m'zigawo zambiri munthu ankaponya voti pokhapokha ngati ali ndi malo kapena chuma. Koma antchito a m'matawuni ndi alimi a kumadzulo adayamba kufunsa chifukwa chomwe mmphawi sangasankhire mtsogoleri wake. Pang'ono ndi pang'ono zigawo zidachotsa lamulo la chumali. Pachisankho cha 1824, mwa amuna anayi aliwonse oyenera kuvota, mmodzi yekha ndiye adavota. Mu 1828 adavota oposa theka, ndipo mu 1840 adavota asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse. Andrew Jackson, yemwe adakulira muumphawi, adapambana chisankho cha 1828 ngati mtsogoleri wa anthu wamba.

Ngakhale zidali choncho, khomo lomwe lidatsegukira mzungu wamwamuna lidatsekera ena. Jackson yemweyo adali ndi akapolo oposa 100. Chigawo cha New Jersey chidalanda voti amayi ndi anthu akuda mu 1807. Mu 1821, New York idalamula kuti munthu wakuda azivota pokhapokha ali ndi chuma cha madola 250. Pennsylvania idalanda voti anthu akuda onse mu 1838.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Otsalira aja sadakhale chete. Frederick Douglass, yemwe adathawa ukapolo mu 1838, adayendayenda kudzudzula ukapolo ndipo adalemba mbiri ya moyo wake mu 1845. M'chaka cha 1848, Elizabeth Cady Stanton ndi Lucretia Mott adachititsa msonkhano ku Seneca Falls womwe udapempha kuti amayi nawonso azivota.

Mathero

Pomaliza, tawona kuti mafakitale adafuna thonje, thonje lidafuna malo ndi akapolo, ndipo ovota atsopano ambiri adasankha atsogoleri owalonjeza malo. Dera lililonse latsopano lidadzutsa funso limodzi: kodi mukhale ukapolo kapena ayi? Pangano la Missouri la 1820 lidangoziziritsa mkanganowo kwa kanthawi, mpaka udabala nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Ukapolo udathetsedwa mu 1865, amayi adapeza voti m'dziko lonse mu 1920, ndipo eni nthaka onse adalandira unzika mu 1924. Choncho poyesa chitukuko cha dziko tisamangowerenga mafakitale, njanji ndi kuchuluka kwa ovota. Tizifunsanso kuti adataya malo ndani, adagwira ntchito yosalipidwa ndani, nanga adatsala kunja ndani.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zomwe zidasintha dziko la America pakati pa 1790 ndi 1860.
2. Fotokozani chifukwa chomwe makina a Eli Whitney adachulukitsira akapolo.
3. Perekani umboni uwiri wosonyeza kuti anthu a Cherokee adali ndi dongosolo lawolawo asadasamutsidwe.
4. Kodi mwambi woti "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
5. Lembani chifupikitso cha gawo la kusintha kwa malamulo a chisankho m'mawu osaposa 50.