ZA MFUNDA WA PHIRI

Aphunzitsi anzathu, m'mabuku a sukulu ndi a ubatizo a ku Machinga ndi ku Balaka dzina lakuti Phiri lipezeka kawirikawiri. Nkoyenera tsono kuti tidziwe kumene linachokera, pakuti olilemba ndife, ndipo cholembedwa molakwa chikhalitsa.

Tiyambe ndi mau ache. Pochulukitsa phiri tinena mapiri, ndipo mpweya wa ph utayika, monga khasu, makasu. Koma ponena anthu sititero ai: tinena Aphiri, ndi mkazi timutcha Naphiri. Ayao, amene chinenero chao chilibe mpweya umenewu, anena Apiri. Kwa Asutu ndi Atswana mau akuti phiri atanthauza fisi, ndipo sagwirizana ndi dzina lathuli.

Phiri sindilo dzina la munthu mmodzi, koma mfunda. Makolo asimba kuti Amaravi anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba m'Congo. Paulendopo ena anagona pamwamba pa phiri, natchedwa Aphiri; ena anabanda udzu m'tsinde mwache, natchedwa Abanda. Koma ofufuza mbiri ambiri ayesa kuti Abanda ndiwo anayamba kufika, nasunga za mvula ndi akachisi, ndi kuti Aphiri anadza pambuyo natenga ufumu. Kalonga, amene anakhala ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, anali Mphiri, wobadwa kwa Nyangu. Koma mkazi wache wamkulu, Mwali, anali wa kwa Abanda. Mafumu ena a Aphiri anapatuka: Undi ananka kumadzulo, ku Mano, ndi Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku Shire. Pamene Mpwitikizi Gaspar Bocarro anapyola dzikoli mu 1616, pochokera ku Tete kunka ku Kilwa, anapeza ufumu wa Amaravi uli wokhazikika.

Chotero mfundawu unafika kuno ndi Anyanja ndi Amang'anja, amene Livingstone anawapeza pofika ku nyanja ya Chilwa mu 1859. M'zaka zomwezo anadza Ayao a Amachinga: Kawinga anakhala ku Chikala, Liwonde m'mbali mwa Shire, Kalembo ndi Nsamala kutsidya la kumadzulo, limene linasanduka boma la Balaka mu 1998. Eni dziko ena anathawa, ena anagulitsidwa ukapolo, ena anatsala nakwatirana ndi obwerawo. Zidzukulu zao zinasintha chinenero, koma mfunda sizinautaye. Chifukwa chache lero alipo Aphiri olankhula Chinyanja ndi Apiri olankhula Chiyao, ena Akristu, ena Asilamu.

Kunja kwa Malawi dzinali lachuluka ku Chipata ndi ku Katete m'Zambia, ndi m'chigawo cha Tete, konse kumene kunali ufumu wa Undi. Ku Zimbabwe ndi ku Johannesburg linanka ndi amuna a nchito za m'minda ndi m'migodi, ena okwera Wenela kufikira 1974, pamene boma linaletsa ulendowo.

Chobvuta chili apa. Mwa mwambo wakale wa Achewa ndi Amang'anja mwana atsata mfunda wa amache, pakuti ali wa mbumba ya atsibweni ache. Koma Angoni atsata atate, ndipo mabuku a sukulu ndi a boma afuna dzina la atate. Motero Aphiri awiri akhoza kukhala osadziwana konse, pamene Phiri ndi Banda ali ana a mimba imodzi.

Tsono tichite zitatu izi. Polemba mwana, tifunse ngati dzinalo lichokera kuchimuna kapena kuchikazi. Pofunsa za ukwati, tisaletse kapena kulola chifukwa cha dzina lokha, koma tiitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti alongosole chibale. Ndipo tisaweruze pfuko kapena chipembedzo cha munthu pakumva mfunda wache. Tifunsenso nkhalamba za m'midzi yathu zikali moyo, ndi kulemba zimene zinena.