Cipolopolo Sicifunsa Dzina

Omvera athu a ku migodi ndi a m'matauni, tiyeni tikumbukire masiku awiri otalikirana zaka 85.

M'mwezi wa May 1935 anchito a ku migodi anacita sitalaka cifukwa Boma la Atsamunda linakweza msonkho. Ku Luanshya apolisi anaombera khamu la anthu, ndipo anthu 6 anafa. Mu 1955 Boma lomwelo linaika lamulo la Public Order lolamulira misonkhano; ufulu utadza mu 1964, lamulolo silinacoke ai.

Tsono pa 23 December 2020 a Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali kutsogolera cipani cotsutsa Boma, anaitanidwa ku likulu la apolisi mu Lusaka, kufupi ndi Longacres. Pobalalitsa owaperekeza, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, naombanso mfuti. Anafa amuna awiri: wina wotsatira cipanico, wina loya wa Boma amene sanali m'khamumo, koma anangopita kukagula cakudya. Bungwe la Human Rights Commission linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi.

Mbendera inasintha, koma cizolowezi ca mfuti cinatsala. Wolamula kuombera khamu adziwe kuti cipolopolo sicifunsa dzina.