Mbiri ya Zidole Zoyenda pa Kanema

Makolo athu ambiri anayamba kuona kanema pamene magalimoto a boma ankafika m'midzi ndi zithunzi za Central African Film Unit, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Salisbury, kumene lero tikutcha Harare, m'chaka cha 1948. Pa nsalu yoyera ija ankaonapo anthu amoyo. Koma ulipo mtundu wina wa kanema, m'mene chinthu chopanda moyo chimaoneka ngati chiri kuyenda.

Chinsinsi chake nachi. Mmisiri aika chidole patsogolo pa kamera, najambula chithunzi chimodzi. Atatero asuntha mwendo wa chidolecho pang'ono pokha, najambulanso. Zithunzizi zikaonetsedwa mofulumira, 12 kapena 24 pa sekondi imodzi, diso linyengeka, ndipo chidole chija chiyenda. Chotero kanema wa mphindi imodzi afuna zithunzi 720 kapena kuposa apo. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amisiri a maiko osiyanasiyana anagwiritsa ntchito zimene zinali pafupi nao. Ku Germany, mai Lotte Reiniger anadula mapepala akuda olimba, nalumikiza manja ndi miyendo ndi waya, nawagoneka pa galasi loyaka nyali kunsi kwake. Atagwira ntchitoyi zaka zitatu, kanema wao, The Adventures of Prince Achmed, anatuluka m'chaka cha 1926. Ku America, mai Caroline Leaf anathira mchenga pa galasi lotere, naukankha ndi zala kufikira utasanduka mnyamata ndi mmbulu. Umu munali mu 1969.

Kuno ku Africa nakonso luso ili linamera. Bambo Moustapha Alassane a ku Niger anapanga zidole, nasimba nazo nthano ya Samba le Grand mu 1977. Ku Johannesburg, bambo William Kentridge anayamba mu 1989 makanema a makala. Iwo alemba chithunzi pa pepala, nachijambula ndi kamera, nafufuta pang'ono, nalembanso pa pepala lomwelo.

Tsono taonani, awerengi: pepala, waya, mchenga ndi makala, zonsezi zipezeka pa msika wa ku Old Town ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Ana athu adziwa kale kuumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a waya, ndipo lero foni ya m'manja ikhoza kugwira ntchito ya kamera, malinga ikaikidwa pamalo posagwedezeka.

Nthano za Kalulu ndi Fisi zinkakhala m'kamwa mwa agogo, koma ana a m'tauni sakhalanso kawirikawiri pa moto madzulo. Mwana akaumba Kalulu wake, musamdzudzule kuti ali kudetsa zovala. Khalani naye pansi, mumsimbire nthanoyo, ndipo mumthandize kuijambula chithunzi chimodzi chimodzi, kuti adzukulu ake adzaione.