Nyota zomanidwa chifukwa cha magazi: mbiri ya asilikali ndi kachilombo ka HIV

M'ntchito za yunifomu, ulemu wa munthu umaonekera paphewa. Nyota ndi mizere ya pamkono ndi zomwe zimanena kuti malipiro ake ndi angati, agona nyumba yotani kukampu, penshoni yake idzakhala yotani, komanso ndani ayambe kuchitira mnzake sawasha. Njira yopezera nyotazo ndi yodziwika: msilikali, wapolisi kapena woyang'anira ndende amapita kukosi, amayezedwa m'thupi, amatumizidwa kukagwira ntchito kumalo ovuta, kenako akuluakulu amaunika mbiri yake. Koma kwa zaka pafupifupi 40, m'maiko ambiri njira imeneyi yakhala ikutsekeka chifukwa cha kapepala kamodzi kochokera kuchipatala konena kuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV. Mbiri ya mchitidwewu ikuonetsa chinthu chimodzi: lamulo lidapangidwa pa nthawi ya mantha, mankhwala adasintha zinthu, koma lamulolo lidatsalira m'mbuyo mpaka makhoti adachita kulikankha.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1985, pomwe njira yoyezera HIV m'magazi idapezeka. Chaka chomwecho gulu la nkhondo la America lidayamba kuyeza aliyense wofuna kulowa usilikali, ndipo wopezeka nako ankabwezedwa pakhomo. Maiko ena adatengera. Kunena chilungamo, akuluakulu a nthawiyo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti mankhwala kudalibe ndipo ambiri opezeka ndi kachilomboka ankadwala Edzi n'kumwalira patangopita zaka zochepa. Mu 1996 nyumba ya malamulo ya America idafika pokhazikitsa lamulo loti msilikali aliyense wa HIV achotsedwe ntchito, ngakhale lidafafanizidwa patangotha miyezi yochepa. Chaka chomwechonso ndi chomwe madokotala adalengeza pamsonkhano wa ku Vancouver kuti kuphatikiza mankhwala atatu kukutha kufooketsa kachilomboka. Kuyambira pamenepo, sayansi ndi malamulo a m'makampu zidayamba kuyenda njira zosiyana.

Tsankho la pa kukwezedwa udindo ndi lovuta kuligwira chifukwa silichita kulembedwa poyera. Palibe bwana amene amaitana kopolo n'kumuuza kuti sakhala sajeni chifukwa cha magazi ake. Zomwe zimachitika n'zakuti dokotala wa gulu amaika msilikali aliyense m'gawo malinga ndi thanzi lake, ndipo wa HIV amatsitsidwa gawo tsiku lomwe zotsatira zatuluka, kaya akudwala kaya sakudwala. Malamulo ena, olembedwa m'buku lina, amati kosi yakutiyakuti ndi ya okhawo a m'gawo loyamba. Enanso amati ntchito yokhazikitsa mtendere kunja ndi ya a gawo lomwelo. Pomwe ndandanda wa okwezedwa ukutuluka, dzina lake mulibe, ndipo chifukwa chomwe chimalembedwa n'chakuti sadachite kosi. Munthu amathamanga mtunda wofanana ndi anzake m'mawa uliwonse, amalasa chandamale bwino, koma zaka zikudutsa akuona ana omwe adawaphunzitsa kuguba akusanduka mabwana ake.

Maiko a kummwera kwa Africa, komwe mliriwu udasautsa kwambiri, adali m'gulu la maiko oyamba kufunsa ngati zimenezi zili zachilungamo. Mu 2000 khoti la zantchito ku Namibia lidamva dandaulo la mkulu wina yemwe adamenyera nawo ufulu wa dzikolo pansi pa SWAPO, koma adakanidwa kulowa gulu la nkhondo atapezeka ndi HIV, chikhalirecho dokotala adati thupi lake linali bwino. Khotilo lidati kukana munthu chifukwa cha kachilombo kokha ndi tsankho, ndipo lidalamula kuti aziyeza chitetezo cha m'thupi komanso kuchuluka kwa tizilombo m'magazi kuti adziwe ngati munthuyo angathe ntchito. Mu Seputembala chaka chomwecho, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidagamula mlandu wa Hoffmann, yemwe kampani ya ndege ya South African Airways idamukana ntchito yothandiza apaulendo chifukwa cha HIV. Woweruza Sandile Ngcobo adalamula kuti alembedwe ntchitoyo. Mfundo ya zigamulo ziwirizi inali imodzi: anthu a HIV sali pa msinkhu umodzi wa matenda, choncho aliyense aziunikidwa payekha.

Gulu la nkhondo la South Africa silidamve msanga. Lidapitiriza kukana kulemba, kutumiza kunja ndi kukweza udindo aliyense wa HIV, pomwe kuyambira mu 2004 ilo lomwe linkapereka ma ARV kwa asilikali ake kudzera m'kafukufuku wa Phidisa. Bungwe la asilikali la SASFU, mothandizidwa ndi maloya a AIDS Law Project, lidakadandaula kukhoti la ku Pretoria, ndipo mu Meyi 2008 boma lidavomera kuti ndondomekoyo ikuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Ndondomeko yatsopano idatuluka mu 2009, komabe mu 2014 khoti lomwelo lidapeza kuti gululo likukanabe achinyamata a HIV polemba ntchito. Ku Zambia, khoti la ku Livingstone lidagamula mu 2010 kuti asilikali awiri a zam'mlengalenga, Stanley Kingaipe ndi Charles Chookole, adaphwanyiridwa ufulu poyezedwa magazi osauzidwa. Adalandira chipukuta misozi, koma khoti silidakhutire kuti adachotsedwa ntchito chifukwa cha HIV. Apa pakuoneka kuvuta kwa milandu yotere: umboni umakhala m'mafayilo a olemba ntchito omwewo.

Oikira kumbuyo malamulo akalewa ali ndi mfundo zofunika kuziyankha mwaulemu. Yoyamba n'njakuti usilikali si ntchito ya muofesi. Munthu amagona m'tchire, amasenza katundu wolemera, amadya mosadalirika, ndipo mankhwala akhoza kumuthera ali kutali ndi chipatala. Izi n'zoona, koma zikunena za thanzi, osati za dzina la matenda. Ngati thupi lafookadi, kuyeza kwa dokotala ndi mayeso othamanga zidzaonetsa, ndipo palibe amene akunena kuti wodwala atumizidwe kunkhondo. Za mankhwala nazo zidasintha. Kale wodwala ankamwa mapiritsi ambiri pa maola oikika. Lero ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku, losafuna firiji, ndipo a miyezi isanu ndi umodzi amakwana m'thumba la chikwama. Gulu lomwe limatha kufikitsa zipolopolo, mafuta ndi mankhwala a malungo kunkhalango za ku Congo silingalephere kufikitsa kabotolo ka ma ARV.

Mfundo yachiwiri ndi ya magazi. Amati pankhondo anthu amavulala, magazi amakhudzana, ndipo nthawi zina msilikali amafunika kupereka magazi kwa mnzake pomwepo. Yankho n'lakuti amene akudziwa kuti ali ndi HIV sapereka magazi, monganso ena ambiri omwe saloledwa kupereka pa zifukwa zina koma amakwezedwa udindo popanda vuto. Woopsa ndi amene sakudziwa. Pa nkhani yopatsira ena pogonana, kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mbali ina adachitikira ku Lilongwe ndi Blantyre, adaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 pa 100 alionse, ndipo kafukufuku wotsatira adatsimikiza kuti amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwake sapatsira wokondedwa wake. Mfundo yachitatu, yoti boma lingataye ndalama pophunzitsa munthu wosakhalitsa, idatha mphamvu pomwe omwa mankhwala mokhulupirika adayamba kukhala ndi moyo wautali pafupifupi ngati wina aliyense. Ndalama zimatayika pomwe sajeni waluso wakhumudwa n'kusiya ntchito.

Choipa chachikulu cha tsankholi n'chakuti limabala chomwe likufuna kupewa. Msilikali akadziwa kuti kuyezetsa kukhoza kumulanda nyota ndi ndalama za ntchito ya kunja, amazemba chipatala cha kukampu, kapena amakalandira mankhwala kutali mobisa, kumadumphitsa masiku poopa kuonedwa. Wodwala ndi banja lake ndiwo amayamba kuvutika, kenako gulu lonse. Maiko ena olemera adachedwa kuzindikira izi kuposa makhoti a ku Windhoek ndi Pretoria. Britain idayamba mu 2022 kuwerengera asilikali a HIV omwe tizilombo sitikuoneka m'magazi ngati athanzi mokwanira. Mu Epulo chaka chomwecho, woweruza Leonie Brinkema wa ku America adagamula mokomera Sajeni Nick Harrison, yemwe adagwirapo ntchito ku Afghanistan ndi Kuwait koma adamanidwa udindo wa ofesala ngakhale anali ataphunzira zamalamulo. Ku India, khoti la Allahabad lidanena mu 2023 kuti wapolisi wa gulu la CRPF yemwe ali ndi mphamvu zogwirira ntchito asamanidwe udindo chifukwa cha HIV.

Ku Malawi, komwe ma ARV aulere adayamba kuperekedwa mu 2004, nkhaniyi idafika m'Nyumba ya Malamulo mu Novembala 2017. Bilu ya za HIV ndi Edzi inali ndi ndime zokakamiza magulu ena a anthu kuyezetsa, ndipo aphungu adazichotsa atamva madandaulo a amayi omwe ali ndi kachilomboka ndi mabungwe ena. Lamulo lomwe lidatuluka limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV. Koma zomwe zidachitika ku South Africa pakati pa 2008 ndi 2014 zikutichenjeza kuti lamulo labwino silifika lokha m'buku la dokotala wa kukampu. Akuluakulu a asilikali, apolisi, ndende ndi olowa ndi kutuluka m'dziko, kulikonse m'chigawo chathu, atsegule mabuku awo a magawo a thanzi, ndipo ndime iliyonse yotsitsa munthu chifukwa cha zotsatira za magazi zokha ichotsedwe. Amene wakhoza mayeso onse omwe anzake akhoza, apatsidwe udindo wake.