Pamene Pepala Lidasanduka Nkhoswe ku Pretoria

Abale a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete, ku Niassa ndi inu nonse muli ku Joni, tonse tikudziwa kuti kwathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe. Akuchimuna ndi akuchikazi akakhala pansi n'kugwirizana, banja lakhazikika, ndipo mlandu ukabuka ndi iwo amene amaukamba. Koma Mchewa akawoloka Limpopo amapeza kuti nkhoswe imene boma limaimvera ndi pepala. Mmene zidafikira potero ndi mbiri yoyenera kuidziwa, pakuti ikukhudza chuma cha amasiye ndi ufulu wa ana.

M'masiku a Wenela, mwamuna ankapita ku migodi yekha, n'kumagona m'komboni ya amuna okhaokha, ndipo kontalakiti ikatha ankayenera kubwerera kwawo. Ena ankapita mwa selefu n'kupeza ntchito m'mahotela, m'minda ndi m'nyumba za azungu ku Pretoria. Ambiri mwa iwo adakwatira akazi a Chisutu, Chitswana kapena Chindebele, nakhala ku Marabastad, kenako ku Atteridgeville ndi ku Mamelodi. Kumudzi ankawatchula kuti matchona. Ukwati sunkawapatsa ufulu wokhazikika, chifukwa mpaka 1986 malamulo ankatsegulira khomo limenelo alendo okhawo oti angasakanikirane ndi azungu. Munthu ankatha kukhala zaka makumi awiri ndi mkazi ndi ana, koma tsiku limodzi apolisi n'kumukweza galimoto. Kwa eni kulibe mkuwe.

Ukwati wachikhalidwe nawonso unkapeputsidwa. Lamulo la Native Administration Act la 1927 linkautchula kuti mgwirizano chabe, ndipo mwamuna akamangitsa ukwati wina ku boma kapena kutchalitchi, wachikhalidwe uja unkatha mphamvu. Mu 1949 boma la tsankho lidaletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wa mtundu wina, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1985. Ngakhale Malawi idatsegula ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, wantchito wamba sadaone kusintha pa nkhani ya banja. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, Dr Kamuzu Banda adaimitsa Wenela. Ulendo udayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kutheratu mu 1988.

Zinthu zidatembenuka tsankho litagwa. Mu 1996 boma lidapereka mwayi wokhazikika kwa nzika za maiko a SADC zimene zidakhalitsa m'dzikolo, kuphatikizapo zokhala ndi mkazi, mwamuna kapena ana a ku South Africa. Lamulo la Recognition of Customary Marriages Act la 1998, limene lidayamba kugwira ntchito pa 15 November 2000, lidavomereza ukwati wachikhalidwe kuti ndi ukwati wathunthu. Limafuna kuti onse awiri akhale atakwana zaka 18, avomere okha, ndipo mwambo utsatidwe. Limati ukwatiwo ulembetsedwe m'miyezi itatu, koma kusalembetsa sikuuthetsa, kungoti umboni umavuta. M'chaka chomwecho cha 2000, pa mlandu wa Dawood, khothi la zamalamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kulekanitsa mwamuna ndi mkazi chifukwa cha zilolezo kumaphwanya ulemu wa umunthu. Lamulo la Immigration Act la 2002, monga lidakonzedwera pambuyo pake, limalola mlendo wokwatirana ndi nzika kupempha kukhazikika ukwati ukatha zaka 5.

Ukwati utayamba kutsegula khomo, akathyali adauona ngati malonda. M'zaka za m'ma 2000 akazi ambiri a ku South Africa adapeza kuti m'kaundula wa boma adalembedwa ngati okwatiwa ndi alendo amene sadawaonepo. Chifukwa cha chinyengocho unduna wa Home Affairs, umene likulu lake lili ku Pretoria, udakhwimitsa zinthu, ndipo osalakwa akusenza nawo mtolowo.

Lero mlendo wofuna kumangitsa ukwati pansi pa Marriage Act ya 1961 amafunika pasipoti yosatha ntchito, chilolezo chokhalira m'dzikolo, ndi kalata yochokera ku boma la kwawo yotsimikiza kuti alibe ukwati wina. Amalembanso fomu ya BI-31 yolumbira kuti palibe choletsa. Amene adasudzulana amaonetsa chigamulo cha khothi, ndipo wofedwa amaonetsa satifiketi ya imfa. Mboni ziwiri zimafunika, ndipo ngati winayo ndi nzika, awiriwo amafunsidwa mafunso ndi wa zolowa ndi kutuluka kuti aone ngati banjalo ndi lenileni. Pa zidindo pali kusiyana pakati pathu. Malawi ndi South Africa zili m'pangano la ku The Hague la 1961, choncho chidindo chimodzi chotchedwa apostille chimakwanira. Zambia ndi Mozambique sizili m'panganolo, motero mapepala awo amadutsa ku unduna wa zakunja ndi ku ofesi ya kazembe. Maiko atatu onsewa ali ndi akazembe ku Pretoria, kumene kulinso ofesi ya DIRCO yotsimikiza mapepala opita kunja.

Kalata yoti munthu alibe ukwati wina ndi pamene pagona nkhani kwa ife. Lamulo la Malawi la 2015 la ukwati, kusudzulana ndi maubale a m'banja limavomereza ukwati wa ku boma, wachikhalidwe, wachipembedzo, ngakhale wa kukhalira limodzi nthawi yaitali ngati khothi latsimikiza. Choncho mwamuna amene adachita chinkhoswe ku Dedza kapena ku Mchinji ali ndi mkazi pamaso pa lamulo, ngakhale dzina lake lisapezeke m'kaundula. Akalumbira ku Pretoria kuti ndi mbeta, walumbira bodza, ndipo ukwati wachiwiriwo ukhoza kuthetsedwa ndi khothi. Mwamunayo akamwalira, akazi awiri ndi ana a mbali zonse amatsala akulimbirana nyumba ndi penshoni.

Agogo athu a Wenela adamanidwa pepala, ndipo mabanja awo adavutika. Ife pepala tingathe kulipeza. Tisanapite nalo ku Home Affairs, ankhoswe a kumudzi adziwe, ndipo ukwati wa kumudzi ulembetsedwe, kuti zimene adagwirizana makolo pabwalo ndi zimene zalembedwa m'kaundula zikhale nkhani imodzi.