Mbiri ya Eriyo, ndi Chimene Itiphunzitsa Posankha ya m'Nyumba

Lero tikamba za kachitsulo kamene kadya ndalama za anthu ambiri, ndiko eriyo ya wailesi ya kanema. Ena a inu mwagulitsa fodya kapena mtedza, ndipo muli kuganiza zogula kanema. Ena muli ndi ana okhala m'nyumba zosanja ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku America, kumene munthu sangangokwera pa denga ndi nsungwi yake. Onsewa afunsa funso limodzi: kodi eriyo yabwino ndi iti? Yankho lake liri m'mbiri ya eriyoyo.

Pa 12 December 1901, Guglielmo Marconi wa ku Italy anali pa phiri la Signal Hill ku Newfoundland, tsidya lija la nyanja ya Atlantic. Anakweza waya wautali m'mwamba ndi kaiti, nanena kuti wamva chizindikiro chotumizidwa kuchokera ku Poldhu, ku England, mtunda wopitirira mamailosi 2,000. Chotero anthu anaphunzira kuti waya wautali ndi wokwezeka ugwira bwino mafunde a wailesi.

Kwathu kuno nzeru imeneyi inafala m'chaka cha 1949, pamene kunabwera wailesi ija yonga safuliya, yotchedwa Saucepan Special, ya mtengo wa mapaundi 5. Eni ake anali kumanga waya pa mtengo ndi kumva mawu a ku Lusaka, pakuti mafunde a wailesi zimenezo akwera kumwamba ndi kugwanso kutali. Koma tsono mafunde a kanema satero ai. Iwo ayenda molunjika ngati kuwala kwa nyali, ndipo phiri kapena khoma lochindikala liwatchinga. N'chifukwa chake bungwe la BBC, poyamba kuulutsa kanema pa 2 November 1936, linaimika mlongoti wake ku Alexandra Palace, pa chitunda cha kumpoto kwa London. Milongoti imene muiona pamwamba pa mapiri athu inaikidwa kumeneko pa chifukwa chomwecho. Phunziro loyamba ndi ili: eriyo ya kanema ifuna malo okwera ndi opanda chotchinga.

Phunziro lachiwiri linachokera ku Japan. M'chaka cha 1926, Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi, a pa sukulu yaukachenjede ya Tohoku ku Sendai, anaonetsa kuti timitengo tachitsulo tondandalikidwa pa ndodo imodzi, tautali woyezedwa bwino, tisonkhanitsa mafunde ochokera mbali imodzi. Kwawo sanaisamale kwenikweni nzeruyi. Asilikali a Japan atalanda Singapore m'chaka cha 1942, anadabwa kupeza dzina la Yagi m'mapepala a Angerezi, amene anali kugwiritsa eriyoyo pa makina oonera ndege. Ndiyo ija yonga minga ya nsomba imene muiona pa madenga. Iyo itiphunzitsa kuti eriyo iyenera kuloza kumene kuli mlongoti, ndiponso kuti utali wa zitsulo zake ulingane ndi mafunde. Mafunde otchedwa UHF afuna chitsulo cha masentimita ngati 25, pamene a VHF afuna chachitali, cha masentimita ngati 75.

Nanga okhala m'nyumba zosanja anatani? M'zaka za m'ma 1950 ku America kunafala eriyo ya timitengo tiwiri toikidwa pamwamba pa kanema, imene anaitcha makutu a kalulu. Timitengoto tinali kutalikitsidwa kapena kufupikitsidwa, ndipo pambuyo pake anawonjezako kamkombero kawaya kogwira UHF. Ena anatsata njira ina. M'chaka cha 1948, Ed Parsons wa ku Astoria, m'chigawo cha Oregon, anaika eriyo pa denga la hotela yaitali kuti agwire kanema wa ku Seattle, ndipo posakhalitsa anansi ake analumikizako mawaya awo. Mutu umodzi susenza denga: kufikira lero nyumba zosanja zambiri ziri ndi eriyo imodzi yothandiza mabanja onse.

Pano pali mlandu umene inu mafumu muudziwa bwino, wa malire pakati pa munda wa munthu ndi dambo la mudzi wonse. Ku America ziripo nyumba zotchedwa condo, m'mene banja liri lonse ligula zipinda zake, koma denga, makwerero ndi makoma akunja nza onse pamodzi. Makomiti a nyumba zimenezi anali kuletsa eriyo, ati ziipitsa maonekedwe. M'chaka cha 1996 bungwe la boma la FCC linalamula kuti munthu asaletsedwe kuika eriyo pa malo amene ali akeake, monga khonde lake, ndipo m'chaka cha 1999 lamulolo linafikanso kwa ochita lendi. Koma denga la onse lamulo silinalikhudze. Ndicho chifukwa chake ambiri akumeneko asankha eriyo ya m'nyumba.

Kanema wa boma anayamba kuno ku Malawi m'chaka cha 1999. Ku America mawailesi akuluakulu analeka kaulutsidwe kakale pa 12 June 2009 nayamba ka digito, ndipo kwathu kaulutsidwe katsopanoka kanadza ndi dikoda ya Kiliye Kiliye. Kale mafunde akafooka chithunzi chinali kuchita mchenga koma chiri kuonekabe. Pa digito chithunzi chiuma kapena kuzimiratu. Dziwaninso kuti kaulutsidwe ka ku America ndi ka kuno nkosiyana, kotero kanema wochokera kumeneko afuna dikoda ya kuno.

Tsono chenjerani ndi amalonda. Palibe eriyo ya digito yosiyana ndi zinzake, pakuti chitsulo chigwira mafunde okha, osasamala chimene anyamula. Bokosi likalonjeza kuti kaeriyo ka m'nyumba kagwira mafunde a pa makilomita 300, kumbukirani chikomekome cha nkhuyu: dziko ndi lobulungira, ndipo ngakhale eriyo yabwino ya pa denga kawirikawiri siipitirira makilomita ngati 100.

Musanatulutse ndalama, funsani anansi kumene kuli mlongoti ndi eriyo imene iwathandiza. Wokhala m'nyumba yosanja afunse ngati pa khoma palibe kale polumikizira eriyo ya onse. Yambani ndi yotchipa, muiike m'mwamba pa zenera loyang'ana ku mlongoti, kutali ndi malata ndi zitsulo, ndipo mukaisuntha muuze kanema kapena dikoda ifunenso mawailesi. Busita ikuza mafunde amene eriyo yagwira kale, siilenga amene palibe. Ngati phiri latchinga mudzi wanu, eriyo ya m'nyumba siingakuthandizeni. Kwezani ya panja pa nsungwi yolimba, kutali ndi mawaya a magetsi.

Mafumu, kambani zimenezi pa bwalo, kuti ndalama za thukuta la anthu anu zisathere pa bokosi lokongola.