Za Kiyi Imene Siyenera Kubwerezedwa

Pamene Edgar F. Codd wa ku IBM anafotokoza m'chaka cha 1970 za kasungidwe ka zolembedwa m'matebulo, anatsindika lamulo limene likhalabe kufikira lero lino, lakuti mzere uliwonse ukhale ndi chizindikiro chakechake, chimene amisiri amachitcha primary key, kuti ngakhale patakhala anthu khumi a dzina limodzi, pasapezeke awiri onyamula nambala imodzi. Tsono kalaliki akatenga mizere ya mu Excel kukaithira mu database, nakumana ndi nambala imene ilimo kale, makinawo amakana ndithu: MySQL imatchula nambala 1062, PostgreSQL 23505, SQL Server 2627, ndipo zonsezi zikunena mlandu umodzi, wa duplicate key.

Ambiri amakwiya ndi uthengawu, koma ine ndimauyesa mlonda wokhulupirika wa pachipata, pakuti kawirikawiri cholakwa chimabadwira mu Excel momwemo. Excel imachotsa ziro woyambirira, kotero kuti 00417 ndi 417 zimasanduka chinthu chimodzi. Ndiponso imasunga manambala 15 okha, otsalawo niwasandutsa ziro, motero anthu awiri a nambala zazitali zosiyana kumapeto amafika pachipata atanyamula nambala imodzi. Nayonso MySQL, monga imabwera, siisiyanitsa AB12 ndi ab12.

Pali njira yachidule yotchedwa INSERT IGNORE, imene imalumpha mzere wobwerezedwa ndi kusiya chenjezo lokha. Koma mzere wolumphidwawo ukhoza kukhala malipiro a munthu wamoyo, kapena mwana wolembetsa sukulu, ndipo palibe amene adzadziwe kufikira mwiniwake atabwera kudzadandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanzeru amayamba waika danga la nambala kukhala Text asanalembemo kanthu, kenaka amathira zonse m'tebulo lodikirira lopanda kiyi, nawerenga ndi GROUP BY nambala zooneka kawiri, nazifunsa imodziimodzi ngati ali munthu mmodzi wolembedwa kawiri kapena anthu awiri osokonezedwa. Akatsimikiza kuti ndi yemweyo, pamenepo ndipo agwiritse ntchito ON DUPLICATE KEY UPDATE, kapena ON CONFLICT imene PostgreSQL inalandira m'chaka cha 2016, kuti zatsopano zikonze zakale.

Inu amene mwapatsidwa kaundula wa anthu, musachotse kiyi pofuna kuti ntchito ithe msanga; yambani mwafufuza chifukwa chimene makinawo akanira.